Chifukwa Chake Okonda Mafilimu Amanyansidwa ndi Kujambulanso Mafilimu Akale

Pakati pa madandaulo amene okonda mafilimu amapereka kwa makampani akuluakulu a ku Hollywood, dera la mumzinda wa Los Angeles ku America kumene ntchito yopanga mafilimu inakhazikika zaka zoposa 100 zapitazo, limene lamveka kwambiri m'zaka zaposachedwapa ndi lokhudza kujambulanso mafilimu akale amene anthu anawakonda. Filimu yobwereza ndi imene imatenga nkhani, atengambali ndiponso kawirikawiri dzina la filimu ina imene inatuluka kale, n'kuijambula mwatsopano ndi osewera ena, zipangizo zina komanso wotsogolera wina, ndipo imasiyana ndi filimu yopitiriza, imene imayambira pamene nkhani yoyamba inathera. Kusiyanaku n'kofunika, chifukwa yopitiriza imavomereza kuti yoyamba ilipo ndipo imatsamira pa iyo, pomwe yobwereza imadzaima pamalo pa yoyambayo ngati ikunena kuti ntchito ija sinagwirike bwino kapena kuti yakalamba, ndipo munthu amene anaikonda filimu yoyambayo amamva ngati wanyozedwa asanaone n'komwe chimene chajambulidwa.

Ambiri amalankhula ngati kuti mchitidwewu ndi wa dzulodzuloli, koma mbiri ikusonyeza kuti unakula limodzi ndi ntchito ya mafilimu, ndipo ena mwa mafilimu amene lero amatetezedwa ngati chuma chosayenera kukhudzidwa nawonso anali obwereza. Ben-Hur ya mu 1959, imene William Wyler anaitsogolera ndipo inalandira mphoto 11 za Oscar, zomwe ndi mphoto zapamwamba kwambiri za mafilimu ku America, inabwereza filimu yopanda mawu ya mu 1925. Cecil B. DeMille anajambula The Ten Commandments mu 1923 n'kudzaijambulanso iye yemwe mu 1956, pamene Charlton Heston anasewera ngati Mose. Nayenso Alfred Hitchcock anabwereza The Man Who Knew Too Much, imene anayamba waijambula ku Britain mu 1934 asanadzaijambulenso mu 1956. Nthawi imeneyo kubwereza kunali ndi zifukwa zomveka. Luso linkasintha mofulumira, kuchoka pa zithunzi zopanda mawu kufika pa zolankhula, kuchoka pa zakuda ndi zoyera kufika pa zamitundu, ndipo chachikulu n'chakuti filimu ikachotsedwa m'nyumba zoonetsera inkakasungidwa m'nkhokwe za kampani, kotero kuti wobadwa pambuyo pake analibe njira yoionera pokhapokha eni ake ataitulutsanso. Lero filimu ya zaka 30 kapena 60 zapitazo imapezeka pa intaneti, pa wailesi yakanema ngakhalenso pa foni ya m'manja, ndipo chifukwa chakale chija chinatha mphamvu.

Chimene chatsala ndi ndalama. Filimu yaikulu ya ku Hollywood masiku ano imatha kudya madola 200 miliyoni pa kujambula kokha, kuwonjezapo mamiliyoni ena ambiri oitsatsira, ndipo popeza eni nyumba zoonetsera amatsala ndi pafupifupi theka la ndalama za matikiti, filimu yotere imayenera kulowetsa ndalama zoposa kuwirikiza kawiri zimene inadya kuti kampani ibweze zake. Akuluakulu a kampani akamaika chuma chochuluka chotere pa ntchito imodzi amaopa nkhani yachilendo imene palibe angalosere ngati anthu adzaikonde, ndiye amathamangira dzina lodziwika kale, limene umwini wake uli m'manja mwawo ndipo silifunika kulifotokoza kwa wina aliyense. Kwa iwo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kampani ya Disney ndiyo yadyerera kwambiri mwa njira imeneyi, potenga makatuni ake, omwe ndi mafilimu a zithunzi zojambula pamanja, n'kuwajambulanso ndi anthu enieni kapena ndi zithunzi za pa kompyuta zooneka ngati zenizeni. Beauty and the Beast ya mu 1991 itabwerezedwa mu 2017 inalowetsa madola oposa 1.2 biliyoni, Aladdin ya mu 1992 itabwerezedwa mu 2019 inapitirira biliyoni imodzi, ndipo The Lion King ya mu 1994 itabwerezedwa m'chaka chomwecho cha 2019 inapitirira madola 1.6 biliyoni. Masamu ake ndi osavuta: mwana amene anaonera katuni mu 1994 anali atakhala kholo pofika 2019, ali ndi malipiro ake ndi ana ake, ndipo tikiti imodzi ya kale ija inasanduka matikiti atatu kapena anayi.

The Lion King yomweyo ndiyo imaonetsa bwino dandaulo loyamba, loti filimu yobwereza imatsanzira maonekedwe koma mtima wa nkhani n'kuusiya. Wotsogolera wake, Jon Favreau, anagwiritsa ntchito makompyuta kupanga mikango, afisi ndi anyani ooneka ngati a m'nkhalango zenizeni, ubweya ukugwedezeka ndi mphepo, fumbi likutuluka pansi pa mapazi, moti m'filimu yonseyo chithunzi chimodzi chokha, cha kutuluka kwa dzuwa koyambirira, ndicho chinajambulidwa ndi kamera ku Africa. Nkhani inatsatira ya kale pafupifupi gawo ndi gawo, James Earl Jones anabwereranso kudzalankhula ngati Mufasa, mawu a woimba wa ku South Africa Lebo M anatsegulanso filimuyo monga kale, komabe ambiri anatuluka akunena kuti aona chinthu chokongola koma chozizira. Kumene kusiyanaku kumaonekera kwambiri ndi pa imfa ya Mufasa, atate a mwana wa mkango Simba. M'katuni ya mu 1994, nyumbu zikatha kudutsa m'chigwa ndipo fumbi likayamba kukhazikika, Simba amapeza atate ake ali gone, amawagunyuza ndi mutu, amawakoka khutu, kenako makutu ake amagwa, nsidze zimakwera, misozi imatsika, ndipo amadzilowetsa pansi pa mwendo wa mtembowo n'kugona pomwepo. Wojambula pamanja anali ndi ufulu wopatsa mwana wa mkango nkhope ya mwana wa munthu. M'filimu ya mu 2019 zochitika zake n'zofanana, koma nkhope ya mkango weniweni ilibe nsidze zokwera kapena milomo yonjenjemera, kotero woonera amamva mawu a mwana wosweka mtima akutuluka m'kamwa mwa nyama imene nkhope yake sikusintha. Luso limene kampani inalinyadira ndilo linapha chisoni cha gawolo. Oonera atcheru anaonanso kuti nyimbo yachikondi imene mawu ake amanena za usiku inaimbidwa dzuwa likuwala, ndiponso kuti filimu imene kale inkatha m'mphindi 88 tsopano inatenga mphindi 118 popanda kuwonjezapo nkhani yogwira mtima.

Wotsogolera wina, Gus Van Sant, anali atayesa kale kutsanzira kotereku mpaka pamapeto pake mu 1998, pamene anajambulanso Psycho, filimu yoopsa ya Hitchcock ya mu 1960, potsatira kaimidwe ka kamera ndi mawu a yoyambayo pafupifupi chithunzi ndi chithunzi, kungosintha osewera ndi kuika mitundu. Filimuyo inadya madola pafupifupi 60 miliyoni koma ndalama zimene inalowetsa sizinafike pa 40 miliyoni. Chimene chinazunguza anthu mu 1960 chinali chakuti mkazi amene onse ankamuyesa mtengambali wamkulu, amene anaseweredwa ndi Janet Leigh, anaphedwa ali m'bafa filimu isanafike n'komwe pakati, ndipo Hitchcock analamula kuti wochedwa asaloledwe kulowa filimu itayamba pofuna kuteteza chinsinsi chimenechi. Pofika 1998 chinsinsicho chinali chodziwika ngakhale kwa amene sanaonepo filimuyo. Kuwonjezera apo, Anthony Perkins anali mnyamata wowonda, wamanyazi, amene woonera ankamumvera chisoni asanadziwe zimene amachita, pomwe Vince Vaughn, amene anatenga malo ake, ndi chimphona chimene munthu amachikayikira akangochiona. Ntchito ya Van Sant inatsimikizira, mwina mosafuna, kuti mphamvu ya filimu siili m'zithunzi mokha, koma ilinso m'nthawi imene inatulukira ndi m'zimene oonera a nthawiyo sankadziwa.

Dandaulo lachiwiri limatsutsana ndi loyambali, chifukwa limanena kuti filimu yobwereza yasintha zambiri. Mulan ya mu 2020 inachotsa nyimbo ndiponso Mushu, kachinjoka kanthabwala kamene Eddie Murphy anakalankhulira m'katuni ya mu 1998, ndipo inapatsa mtsikanayo mphamvu zapadera zobadwa nazo, pomwe kukoma kwa nkhani yakale kunali kwakuti mtsikana wamba anapambana amuna pankhondo chifukwa cha khama ndi nzeru. RoboCop ya mu 1987 ndi Total Recall ya mu 1990, zonse za Paul Verhoeven, zinali mafilimu a akuluakulu, odzaza ndi magazi komanso nthabwala zowawa zonyoza dyera la makampani, koma zitabwerezedwa mu 2014 ndi mu 2012 zinafewetsedwa kuti achinyamata aloledwe kulowa ndi kuti matikiti achuluke, ndipo ukali umene unazitchukitsa unapita. Opanga mafilimu amadandaula kuti oonera sadziwa chimene akufuna, popeza ukatsanzira amati wakopera ndipo ukasintha amati wawononga. Kudandaulaku kuli ndi choonadi pang'ono chabe. M'zitsanzo zonsezi chimene chikukanidwa si kusintha kapena kusasintha, koma kuti chosankhacho chinachokera ku ofesi ya zamalonda osati kwa munthu amene anali ndi chatsopano choti anene.

Umboni wake uli m'mafilimu obwereza amene palibe amawadandaula, ndipo ambiri sadziwanso kuti ndi obwereza. The Magnificent Seven ya mu 1960 inatenga Seven Samurai ya Akira Kurosawa ya mu 1954 n'kusamutsa nkhani ya ankhondo asanu ndi awiri oteteza mudzi wa alimi kuchoka ku Japan kupita ku Mexico, malupanga n'kusanduka mfuti. Sergio Leone anachitanso chimodzimodzi ndi Yojimbo ya mu 1961 pamene anajambula A Fistful of Dollars mu 1964, filimu imene inatchukitsa Clint Eastwood, ngakhale kuti anatero popanda chilolezo ndipo nkhaniyo inathera pa kulipira eni ake a ku Japan. Scarface ya mu 1932 inali ya chigawenga chogulitsa mowa woletsedwa ku Chicago, koma Brian De Palma mu 1983 anaisandutsa ya wothawa kwawo wochokera ku Cuba, woseweredwa ndi Al Pacino, amene analemera ndi mankhwala ozunguza bongo ku Miami. Martin Scorsese analandira mphoto yake ya Oscar ya wotsogolera wopambana chifukwa cha The Departed ya mu 2006, imene inasamutsira ku Boston nkhani ya Infernal Affairs ya ku Hong Kong ya mu 2002. Onsewa anatenga fupa la nkhani n'kuliveka mnofu wa malo ena ndi nthawi ina, ndipo ambiri a iwo sanadalire n'komwe dzina lakale. Tiyeneranso kukumbukira kuti chiweruzo cha tsiku loyamba sichikhala chomaliza, pakuti Scarface inanyozedwa ndi olemba ambiri itangotuluka, ndipo The Thing ya John Carpenter ya mu 1982, imene inatsatira filimu ya mu 1951, sinayende malonda nthawi yake, koma zonse ziwiri lero zimawerengedwa m'gulu la mafilimu osayenera kukhudzidwa.

The Karate Kid ili pakati pa magulu awiriwa. M'filimu ya mu 1984 mphunzitsi wokalamba Miyagi amauza mnyamata Daniel kuti apukute magalimoto, apente mpanda ndi kupala matabwa kwa masiku angapo, mpaka mnyamatayo atakwiya poganiza kuti akugwiritsidwa ganyu yaulere, osadziwa kuti manja ake aphunzira kale kutchinga nkhonya. M'filimu ya mu 2010 Jackie Chan amalamula Jaden Smith kuvula jekete, kuikoleka, kuigwetsa pansi, kuitola ndi kuivalanso mobwerezabwereza, ndipo phunzirolo limagwira mtima mwa njira yakeyake chifukwa likukhudzanso mwano wa mwanayo kwa amayi ake. Komabe nkhaniyo inachitikira ku Beijing ndipo masewera ophunzitsidwawo anali kung fu ya ku China, osati karate ya ku Japan, koma dzina linasiyidwa momwemo, zimene zikuonetsa poyera kuti dzina ndilo linali katundu wogulitsidwa.

Pali gawo lina la mkwiyowu limene silichokera m'filimu koma mwa woonera mwini. Munthu amakumbukira filimu limodzi ndi msinkhu umene anali nawo, malo amene anaionera ndi anthu amene anakhala nawo pafupi, ndipo palibe kampani imene ingajambulenso zimenezo. Ku Malawi ndi ku Zambia, kumene ambiri anadziwira mafilimu m'tinyumba ta vidiyo ta m'misika, atapanikizana pa mabenchi mumdima, mafilimu a Arnold Schwarzenegger ndi Jean-Claude Van Damme ankadziwika ndi dzina la wosewera kuposa dzina la filimu, kotero Total Recall yopanda Schwarzenegger kwa woonera wotere si Total Recall. Opanga Kickboxer: Vengeance ya mu 2016 anazindikira vutoli ndipo anabweretsa Van Damme, amene anali wophunzira m'filimu ya mu 1989, kuti tsopano akhale mphunzitsi. Will Smith anakumana ndi vuto lomweli mu Aladdin, pamene anatenga malo a Robin Williams, amene anamwalira mu 2014 ndipo mawu ake ndi nthabwala zake zopeka pomwepo ndizo zinali moyo wa katuniyo. Anthu anamuweruza atangoona kachidutswa kotsatsira filimu, ngakhale kuti ambiri anadzafewa mtima filimu itatuluka.

Si mkwiyo wonse umene uli woyera. Ghostbusters ya mu 1984 itajambulidwanso mu 2016 ndi akazi anayi m'malo mwa amuna, kachidutswa kake kotsatsira kanalandira zizindikiro zosonyeza kusakondwa zochuluka kwambiri pa YouTube filimu isanatuluke, ndipo Leslie Jones, mmodzi wa osewerawo amene ndi wakuda, anatukwanidwa mwatsankho pa Twitter mpaka anachokapo kwa kanthawi. Halle Bailey naye ananyozedwa chifukwa cha khungu lake atasankhidwa kusewera Ariel mu The Little Mermaid ya mu 2023. Onyozawo ankati akuteteza filimu yakale, koma munthu amene amalola nkhanu kuimba ndi nsomba kulankhula n'kukana mtsikana wakuda wokhala pansi pa nyanja sakuteteza luso ayi. Tsankho lotere lawononganso mkangano wonse, chifukwa lapatsa makampani pobisalira, moti wina akadzudzula filimu pa zifukwa zomveka amaikidwa m'gulu limodzi ndi otukwanawo.

Oikira kumbuyo mafilimu obwereza amakonda kunena kuti filimu yakale sinapite kulikonse ndipo aliyense akhoza kuionera. Kawirikawiri zimenezi n'zoona, koma mantha a okonda mafilimu ali ndi pochokera. Kampani ya MGM itagula umwini wa Gaslight, filimu ya ku Britain ya mu 1940, kuti ijambule yake ya mu 1944, inayesa kuwononga makope a yoyambayo, ngakhale kuti ena anapulumuka. George Lucas sanabwereze Star Wars ya mu 1977, koma mu 1997 anaisintha ndi makompyuta, kuphatikizapo gawo limene Han Solo amawombera mdani wake Greedo, limene analikonza kuti mdaniyo ayambe kuwombera, ndipo kwa zaka zambiri filimu ija monga inatulukira poyamba inali yovuta kuipeza. Komabe dandaulo lolemera kuposa onse ndi la mafilimu amene sanajambulidwe: madola 200 miliyoni opita ku nkhani yodziwika kale ndi ndalama zimene zikanakwanira mafilimu angapo a nkhani zatsopano, ndipo mafilimu amene abwerezedwa, monga RoboCop ndi Ghostbusters, anali nkhani zachilendo zimene wina analimba mtima kuziikira ndalama. Ndi ochepa amene ali ndi mphamvu zokana, monga Robert Zemeckis ndi Bob Gale, amene akhala akukana kuti Back to the Future ya mu 1985 ijambulidwenso.

Mchitidwewu sunathere ku America. Ku India, Sholay ya mu 1975 itajambulidwanso ndi Ram Gopal Varma mu 2007 pansi pa dzina la Aag inakanidwa ndi oonera ndi olemba omwe, ngakhale kuti Amitabh Bachchan anaseweramo. Ku Nigeria, kumene mafilimu ake amaonedwa kwambiri m'makomo a ku Malawi ndi ku Zambia, Living in Bondage ya mu 1992, imene ambiri amaitenga ngati chiyambi cha Nollywood, ntchito yopanga mafilimu ya m'dzikolo, inatsatiridwa mu 2019 ndi Living in Bondage: Breaking Free, imene Ramsey Nouah anaitsogolera ndipo inalandiridwa bwino, koma imeneyi inali yopitiriza, yonena za mwana wa mtengambali wakale, ndipo inabweretsanso ena mwa osewera oyamba. Kupambana kwake kunatsegula njira ya Nneka the Pretty Serpent ndi Rattlesnake mu 2020 komanso Glamour Girls, ya mu 1994, imene inatuluka mwatsopano pa Netflix mu 2022 n'kudzudzulidwa kuti inali ndi zovala zodula, nyumba zonyezimira ndi zithunzi zowala koma nkhani yosokonekera, dandaulo lomwe lija la The Lion King litavala zovala za ku Lagos.

Funso loti mkwiyo wa oonera umasintha kanthu kapena ayi limayankhidwa ndi matikiti, ndipo mayankho ake ndi osakanikira. Ben-Hur ya mu 2016 inadya madola pafupifupi 100 miliyoni ndipo sinawabweze. Snow White, imene inabwereza katuni ya mu 1937, inatuluka mu March 2025 pambuyo pa mikangano ya zaka zingapo ndipo inalowetsa madola ongopitirira pang'ono 200 miliyoni, ndalama zosafika n'komwe pa zimene inadya, moti ena anayamba kulengeza kuti nyengo ya mafilimu obwereza yatha. Patangopita miyezi iwiri, mu May chaka chomwecho, kampani yomweyo ya Disney inatulutsa Lilo & Stitch, yobwereza katuni ya mu 2002, ndipo inapitirira madola biliyoni imodzi. Makampani sawerenga madandaulo koma ndalama zolowa, ndipo malinga ngati odandaulawo akupitiriza kugula matikiti kuti akadzionere okha mmene filimu yawo yawonongedwera, kubwereza sikudzatha. Disney inakonza kale zoti Moana yojambulidwa ndi anthu enieni ituluke mu 2026, patangopita zaka 10 chitulukireni katuni yake ya mu 2016.